Loweruka ku Mufakose, ine ndi majenelo anga

Lero nditabwerako ku Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, kogula tomato ndi matemba ndinangoyatsa laputopu nkulowa mu Total War: Three Kingdoms, gemu yankhondo ya kampani ya Creative Assembly ija inatuluka 2019. Nkhani yake imayambira ku China m'chaka cha 190 ufumu wa Han ukuphwasuka, ine ndimasewera ngati Liu Bei, mmodzi wa atsogoleri ankhondo olimbirana ulamuliro.

Adani sanandivute lero ayi, andidyera nthawi ndi anthu anga omwe. Gulu limodzi lankhondo limalola majenelo atatu basi, aliyense ndi timagulu take ta asilikali mpaka sikisi, ndiye amene wawaika limodziwo amayamba kugwirizana kapena kudana. Guan Yu ndi Zhang Fei zawo ndi zosavuta, analumbirirana ubale ndi Liu Bei, kulikonse amapita limodzi osadandaula. Koma pali mkulu wina ndinamulemba atachoka kwa Yuan Shao, mtsogoleri wina wankhondo, eee ameneyo mtima wake ukungotsika, akufuna udindo, mnzake wa gulu limodzi sakumwerana naye madzi, ukampatsa hatchi yabwino kapena lupanga amakhalako chete pang'ono, ukamukweza udindo, malipiro ake amakweranso chuma nkumatha, ukamusiya amanyamuka nkukalembedwa ndi adani. Komanso gemuyi ili ndi akazitape, ndiye munthu wochokera kwa mdani sumadziwa kuti wabweradi ndi mtima umodzi.

Masana kunabwera alamu anga a ku Highfield, anaonerera kanthawi kenako akuti "alamu, izitu ndi za ku sosayiti yathu ya maliro, munthu mukamumana mpando wa usungichuma chaka chamawa wayambitsa yake." Tinaseka mpaka nsima kuzizira. Iwo maganizo awo akuti ndingomuchotsa basi. Ine ndinakana, munthu wodziwa nkhondo sutaya chifukwa cha nkhope yokwinya, ndinamutulutsa m'gulu muja nkumupatsa dera loti aziyang'anira, kutali ndi mnzake uja, ndipo manambala osonyeza kukhutira kwake anakwerako.

Alamuwo amene wawasangalatsa ndi jenelo wina dzina lake Lü Bu, poti amagwetsa chikhamu yekha. Ndinawauza kuti m'mbiri yeniyeni mkuluyu anapha Ding Yuan mu 189, kenako Dong Zhuo mu 192, onsewo mabwana ake. Akuti zilibe kanthu, mawa akachoka ku tchalitchi abwera adzayambe kampeni yawo, kutanthauza gemu yawoyawo kuchokera poyambira, ndipo Lü Bu akumufuna ndithu. Mausi ndawauza abwere ndi yawo.