Zikomo Madala a ku Limbe, seva yadzuka

Abale, seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a kusukulu kwathu, yadzuka. Mafayilo a ana onse alipo: zotsatira za mayeso, malisiti a fizi, kaundula wa mayina. Maso akundiwawa ndi tulo koma sindingagone ndisanathokoze.

Nkhani yake ambiri mukuidziwa kale. Magetsi anabwera mwamphamvu usiku wa mvula ija, kutacha seva ya kusukulu kwathu ku Chirimba osayaka ngakhale kanyale kamodzi. UPS nayo, bokosi la mabatire lothandiza magetsi akazima, inali zii. Aphunzitsi aakulu ankangondiyang'ana, poti ndine ndinaikhazikitsa seva imeneyi ndi manja anga, ndipo makolo anali atayamba kale kufunsa za malipoti a ana.

Madala a ku Limbe, inu bambo anga, ndiyambire pati? Munthu amene ntchito yanu ndi kukonza mawailesi ndi ma TV, ndinakupezani muli ndi ntchito zodzaza tebulo, koma munasuntha zonse n'kunena kuti "Ikani apa tione." Za ndalama simunayambe mwafunsa. Munachotsa power supply, bokosi lopereka magetsi m'kati mwa seva, n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi ya mapini 24 ija ndi kawaya kakang'ono, kuti muone ngati iyake, koma fani yake osazungulira. Musanaitsegule munandichenjeza kuti capacitor yaikulu ya m'katimo imasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi kukhoma, ndipo munayamba mwaitsitsa mphamvu musanagwire chilichonse. Munandionetsa fyuzi yopsa, varistor (kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu) yoda bii ngati khala, ndi ma capacitor awiri otupa pamwamba. Zina munazichotsa pa bolodi ya TV yakufa yomwe inali pansi pa tebulo lanu, mutawerenga kaye manambala ake ndi mandala anu omangidwa ndi tepi aja. Kenako munayeza magetsi ndi multimeter: waya wachikasu 12V, wofiira 5V, wa olenji 3.3V. Fani itazungulira ine misozi inalengeza. Koma inu munandiuza mosabisa kuti power supply yokonzedwayo ndi yongotithandiza kupulumutsa mafayilo, seva igulidwire yatsopano. Wina akanangondilipiritsa n'kunditsanzika.

Vuto lenileni linali ma hard disk, momwe mumasungidwa mafayilo. Anali awiri pa RAID 1 (njira yosunga mafayilo omwewo pa ma disk onse awiri), ina inaferatu, inayo SMART, njira yomwe disk imaonetsera thanzi lake, inkaonetsa kuti ma sector (tizigawo ta disk) owonongeka akuchuluka. Ine mtima unali wofuna kuiyatsa kuti ndione ngati mafayilo akutseguka. Madala munandigwira dzanja: "Chinthu chodwala sitichithamangitsa, koperani kaye." Ndinayatsa Ubuntu, pulogalamu yoyendetsera kompyuta, kuchokera pa flash n'kuyamba pulogalamu yokopera ya ddrescue, yomwe imayamba yakopera mbali zabwino za disk kenako n'kubwerera pang'onopang'ono ku zovutazo, ndipo imasunga kafayilo kolemba pomwe yafika kuti ikaima ipitirize pomwepo. Ntchito ili m'kati magetsi anazimanso. Inu munanyamula batire ndi inverter yanu, zomwe mumadyera, n'kuzilumikiza kuti tipitirize. Usiku umenewo shopu yanu munaitseka mochedwa chifukwa cha ine, mpaka minibasi za ku Bangwe zinatsala pang'ono kukutherani.

Zikomonso achemwali anga a ku Zingwangwa amene munandibwereka disk ya 2TB osafunsa kuti ndibweza liti. Anzanga a pa gulu la WhatsApp lija amene munkayankha ngakhale pakati pa usiku, zikomo. Aphunzitsi aakulu, zikomo chifukwa chondikhulupirira pamene ena ankati tingofomata tiyambirenso kulemba zonse pamanja. Mayi a kunyumba, munapirira mawaya ndi ma screw pa tebulo lodyera, nsima n'kumaiika pambali osadandaula.

Amene ndinakuimbirani foni n'kumangoitana, komanso inu amene munatchula mtengo musanaone ngakhale chithunzi cha makinawo, zinandipweteka, sindinama. Ena mwa inu tinasenzera limodzi makompyuta pa Ginnery Corner dzuwa likuswa mtengo.

Koma ndibwerere kwa Madala. Nditafuna kukupatsani kangachepe munatenga ya zipangizo zokha, yotsalayo munandibwezera m'thumba n'kunena kuti ndikagule mabatire a UPS. Mulungu amene amaona zam'seri akudalitseni, akupatseni maso akuthwa ndi manja osanjenjemera zaka zambiri, ntchito isasowe pa tebulo lanu. Ambuye, Inu nokha mukudziwa mmene ndinapempherera usiku umenewo.

Panopa seva ili ndi power supply yatsopano, ma disk awiri atsopano, ndipo usiku uliwonse pulogalamu ya rsync ikukopera mafayilo ku disk ina yomwe aphunzitsi aakulu azipita nayo kwawo Lachisanu lililonse, chifukwa RAID yokha singatipulumutse magetsi akapsereza bokosi lonse. Amene muli ndi TV, wailesi kapena power supply yovuta, ndilembereni ku inbox ndikulondolereni kwa Madala. Malipoti a ana atuluka Lolemba.