Lipoti la ulendo wa gulu lathu ku Rietvlei

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Johannesburg, lomwe timasonkha ndalama zothandizana pa maliro ndi matenda, linagwirizana kuti chaka chino tisamangokumana pa zovuta zokhazokha. A tcheya ndiwo anabweretsa ganizo loti titenge ana tikaone nyama. M'mwezi wa Seputembala boma la kuno limalimbikitsa anthu kuyendera malo osungirako nyama zakutchire, ndipo bungwe la SANParks, loyang'anira mapaki a boma la South Africa, limakhala ndi sabata yolowa ulere m'mapaki ake kuyambira mu 2006. Mwayi umenewo ndi wa nzika za South Africa zokhala ndi chiphaso chawo, choncho ife tinasankha Rietvlei, malo osungirako nyama omwe ali pafupi ndi Pretoria m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Tshwane, tinasonkherana ya pageti n'kupempha kuti atipatse mlangizi.

Tinatengana Loweruka m'mamawa ku Rosettenville ndi ku Yeoville, n'kulowera msewu wa R21 wodutsa ku bwalo la ndege la OR Tambo. Titangolowa, mbidzi, nyumbu ndi nchefu zinali zikudya msipu wophuka pa lupsa, nthiwatiwa zikuyendayenda m'mbali mwa msewu. Ana obadwira kuno, omwe amangodziwa m'mafulati ndi m'matakisi, anakanirira pa mawindo osafunanso kukhala pansi.

Pomwe tinaima nthawi yaitali ndi pa chipembere chachikazi chomwe chinali ndi kamwana kake. Chinali pafupi moti timamva chikumweta udzu. Pamphuno pake panalibe nyanga, panali chitsa chafulati chotuwa. Kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Amalume, chathyoka nyanga pomenyana?" Mlangizi wathu anazimitsa injini n'kufotokoza mwachifatse, mnyamata wina wa m'gulu akutanthauzira agogo omwe Chingerezi chimawavuta. Madokotala a ziweto amachibaya mankhwala ogonetsa, amachiphimba nsalu kumaso ndi kuchitseka m'makutu, kenako amadula nyangayo ndi macheka a injini, kusiya tsinde pomwe imamerera. Sichimva kuwawa chifukwa nyangayo inapangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo ndi tsitsi lathu, ndipo imaphukanso, n'chifukwa chake amabwereza kudula. Cholinga n'choti wakupha akafika apeze kuti palibe chonyamula.

Manambala omwe anatiuza anakhazika chete minibasi yonse. Mu 2007 zipembere zophedwa mozembera ku South Africa zinali 13 zokha. Pofika 2014 zinakwana 1,215 m'chaka chimodzi. Mu 2023 zinali 499. Nyangazo zimathera ku misika ya ku Vietnam ndi China, ndipo amene amaombera kapena kunyamula kawirikawiri ndi munthu wosauka yemwe amalandira nyenyeswa, koma ndiye amakafera m'tchire kapena kukakalambira kundende.

Atamva kuti ndife Amalawi anamwetulira, n'kutikumbutsa kuti mu 2019 zipembere zakuda 17 zinachoka ku KwaZulu-Natal pa ndege kupita ku Liwonde. Ambiri a ife sitinkadziwa zimenezi, kuphatikizapo ochokera ku Machinga konko. Kenako anatembenukira kwa akuluakulufe. Anati anthu ozembetsa nyanga, minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka amasakasaka anthu odutsa m'maboda pafupipafupi, n'kuwapatsa phukusi lomata kale ati ndi mankhwala kapena zitsulo za galimoto. Mawu amenewa anatikhudza, chifukwa m'gulu mwathu muli anyamata onyamula katundu wa anthu kupita ku Blantyre, Mangochi ndi Mzimba kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza, ndipo tonsefe timatumiza zikwama osaganiza kawiri. Kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka ndi ngaka kapena nyanga ya chipembere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Woweruza sadzamva zoti phukusilo anangokupatsira munthu wa ku tchalitchi.

Pa nkhomaliro, pansi pa mitengo pafupi ndi damu, m'pamene nkhani inatentha. Bambo wina wachikulire wa ku Kasungu anayamba ndi kuyamikira zonse, kenako anati, "Koma achimwene, njovu ikalowa m'munda usiku umodzi, nkhokwe ya chaka chonse yapita. Wophunzitsayo akabwera kwathu ayambe wayankha zimenezo." Amanena za njovu 263 zomwe zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, pambuyo pake anthu a m'midzi yozungulira, ku Malawi ndi ku Zambia komwe, n'kuyamba kudandaula za minda yoonongedwa ndi abale ophedwa. Mayi wina wa ku Chikwawa anawayankha kuti ku Majete, komwe boma linalowa mgwirizano ndi bungwe losamalira mapaki la African Parks mu 2003, mpanda unamangidwa ndipo achibale ake ena amadyera pomwepo, wina ndi wa gemu, wina amaweta njuchi. "Bambo, kwathu ana sathawanso akaona galimoto ya a gemu," anatero.

Ine ndikuona kuti onse awiri amanena zoona, ndipo boma likamaphunzitsa anthu liyenera kumva mbali zonsezi. Zikwangwani za pa bwalo la ndege ndi mauthenga a pa wailesi ochenjeza za ndende zili ndi ntchito yake, koma zimangobzala mantha. Zomwe zinatisintha ife ndi kuima pafupi ndi nyama yamoyo, munthu wodziwa akuyankha mafunso athu mosanyoza. Mwana wa ku Ntaja kapena ku Chulu ayenera kulowa m'paki yoyandikana ndi mudzi wake n'kuona zomwe ana athu anaona, ndipo kholo lake liyenera kuuzidwa m'chinenero chake kuti njovu ikathyola mpanda aimbire ndani, ndipo afika nthawi yanji. Makalabu a zachilengedwe m'sukulu, omwe bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe ku Malawi la WESM lakhala likuthandiza kwa zaka zambiri, ndi poyambira pabwino, koma akufunika mafuta a galimoto yotengera anawo ku gemu.

Tisananyamuke tinamanga mfundo zingapo. Anyamata onyamula katundu avomera kuti phukusi lililonse azilitsegula mwini wake ali pomwepo, ndipo wokana azibwerera nalo. Mnyamata yemwe amatanthauzira uja alemba m'Chichewa zomwe tinaphunzira kuti zitumizidwe pa WhatsApp ya gulu ndi kwa abale kumudzi. Amene sanamalize ndalama ya minibasi akapereke kwa msungichuma pa msonkhano wa mwezi wamawa, pomwe tidzakambiranenso pempho la amayi loti ulendo wotsatira ukhale wa ku munda wosungirako zomera wa Walter Sisulu ku Roodepoort, kukaona ziwombankhanga zomwe zimamanga chisa pa thanthwe la pa mathithi.