Kugula n'kosavuta, nkhani ili pa boda

Abale inu okonda kukagula zinthu kunja, akasitomu alibe nazo ntchito zoti chikwama chanu chikulemera bwanji, iwo amaona mtengo wa katunduyo komanso ngati ndi wanuwanu kapena ndi wa geni. Nsapato mapeyala awiri atatu palibe angakuvutitseni, koma mapeyala 20 amtundu umodzi, masaizi osiyanasiyana, zili m'mabokosi ake, ndiye muziti ndi mphatso za achibale? Amenewotu ndi malonda, msonkho mulipira basi.

Dziko lililonse lili ndi malire ake. Ku European Union wobwera pa ndege amaloledwa katundu wosaposa 430 euro osadula msonkho, wodzera pamsewu ndi 300 euro yokha, ndudu 200, mowa waukali uja lita imodzi. Nyama ndi zamkaka zochokera m'mayiko ambiri akunja ndiye musayerekeze, amalanda pompo. Ndalama zikafika 10,000 euro muzinene. Ku Australia ngakhale chipatso chomwe anakupatsani mu ndege mukhoza kulipa nacho faini ngati simunachilembe pa fomu.

Malisiti musamataye chonde, mukapanda kuonetsa amangoika mtengo wawo ndipo kawirikawiri sukomera inu. Khomo lobiriwira lija la pa eyapoti si lachidule ayi, kudutsa pamenepo ndiye kuti mwanena kuti mulibe chodulira msonkho, akakupezani nacho ndi mlandu.

Chimandinyansa ine ndi choti anthu amangolandira phukusi lomatamata ati mukandipatsireko mlongo wanga, osalitsegula n'komwe. Zikapezeka zoletsedwa m'menemo wogwidwa ndinu, mwiniwake foni azimitsa.