Mwaikamo RAM kapena graphics card, kompyuta yakana kuyaka: yambirani apa

Kompyuta imene imayaka bwinobwino m'mawa, n'kukana masana mutangoikamo chipangizo chatsopano, nthawi zambiri sinafe ayi. Vuto limakhala pomwe manja anu anagwirapo, choncho musathamangire kukagula motherboard ina, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo.

Zulani kaye chingwe cha magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe, kenako gwirani chitsulo cha bokosi la kompyutayo musanakhudze zamkati.

Ndiyeno onani mmene ikukanira. Ngati kuli zii, osayaka ngakhale kanyali, onani switch ya kumbuyo kwa power supply, kabokosi kolowera chingwe cha magetsi, ngati ili pa I. Kanikizani chingwe chachikulu cha mapini 24 ndi cha mapini 8 chimene chili pafupi ndi CPU (purosesa, ubongo wa kompyuta). Pali kawaya kena kopyapyala kolembedwa PWR SW, kochokera ku batani loyatsira. Sikachedwa kuzuka dzanja likamadutsa.

Koma ngati mafani akuzungulira sikirini ili bii, kayikirani RAM. Imaoneka ngati yalowa pomwe mbali imodzi ikadali m'mwamba pang'ono. Ichotseni, lunjikitsani kampata kake ndi ka slot (malo oilowetsamo), kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tomangira ta m'mbali titseke tokha. Ikakana, musalimbane nayo, RAM ili ndi mitundu yosiyana: DDR3 ili ndi mapini 240, DDR4 ili ndi 288, ndipo kampata kali malo osiyana. DDR5 nayo ili ndi 288 koma siilowa pa DDR4. Pa motherboard ya ma slot anayi, ma RAM awiri nthawi zambiri amafuna A2 ndi B2, wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa CPU. Yesani imodziimodzi, ndipo chenjerani ndi RAM ya server yolembedwa registered, ya DDR3 ndi DDR4 imalowa bwino koma makompyuta wamba saiwerenga. DDR5 imatha kukhala mphindi zingapo osaonetsa kanthu pakuyaka koyamba, ndiye idikireni.

Pa graphics card, ambiri amaiwala kusamutsa chingwe cha HDMI, chopita ku sikirini, kuchoka pa motherboard kupita pa khadilo. China ndi magetsi. Slot ya PCIe, mmene mumalowa khadilo, imapereka mawati 75 okha. Khadi lofuna zambiri limafuna chingwe chake, cha mapini 6 chopereka mawati 75 kapena cha mapini 8 chopereka 150. Chonde musakakamizirepo cha mapini 8 cha CPU, mawaya ake anayalidwa mosiyana ndipo mukhoza kuwotcha khadi. Makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi monga Dell OptiPlex, amene ambiri timagula akaunjika, ali ndi power supply yaing'ono, kawirikawiri yopanda chingwe chimenechi n'komwe. Werengani mawati olembedwa pa power supply musanagule khadi.

Zikakanikabe, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard kwa mphindi 5 n'kukabwezera, BIOS, pulogalamu yoyambira ya motherboard, ibwerere mmene inalili kufakitale. Tsiku ndi nthawi mudzazikonzanso.

Motherboard zina zili ndi tinyali tinayi tolembedwa CPU, DRAM (RAM), VGA (graphics card) ndi BOOT, ndipo kamene katsala koyaka ndiko kakuloza mbali yovuta. Ngati palibe tinyali, chotsani chatsopanocho, mubwezere zakale. Ikayaka, chatsopanocho n'chakufa kapena sichigwirizana ndi motherboard yanu. Kachiyeseni pa kompyuta ina musanakachibweze kwa wogulitsa. Kompyuta yanu ikakanabe mutabwezera zakale, siyanimo CPU, fani yake ndi RAM imodzi basi, muyatse, ikayaka muzibwezera chimodzichimodzi mpaka ikakanenso, ndipo chimene mwabwezera komaliziracho ndicho chili ndi vuto.