Tsiku lomwe ndinaulula machimo anga kwa kaloboti

Nkhani iyi ndakhala ndikuyisunga kwa miyezi koma poti mayi a kunyumba akuidziwa tsopano palibenso chobisa, ndiye imvani mmene ine bambo wa ndevu zanga ndinakhuthulira za m'mtima kwa kabokosi koyenda ndi mateyala.

Kuno ku Matawale tili ndi aneba ena, mayi ophunzira zedi, anapita kunja n'kubwerako ndi udokotala, osati wa jakisoni ayi koma wa mabuku. Tsiku lina anandipeza ndikutsuka njinga n'kuti achimwene ndikufuna anthu ondithandiza pa kafukufuku wa maloboti, pali kangachepe ka thiransipoti ndi nkhomaliro. Mawu oti kangachepe ndinawamva bwinobwino, koma za malobotizo ndinkaganiza akunena aja a pamsewu ofiira ndi obiriwira ngati a ku Blantyre, mpaka ndinawalangiza kuti adokotala vuto si maloboti, vuto ndi a minibasi. Anaseka mpaka kugwira mpanda. Akuti iwo amafufuza mmene anthu timakhalira ndi makina ochita zinthu okha, timawakhulupirira pati timawakayikira pati, kenako amalemba mapepala omwe amawerengedwa ndi ophunzira anzawo okhaokha, ife sitiwaona n'komwe. Anandiuzanso kuti mawu oti robot anachokera mu sewero la Karel Čapek la 1920, ndipo m'chiyankhulo cha ku Czech robota ndi ntchito yokakamizidwa. Ndinati aaa ndiye thangata imeneyotu, ija agogo athu ankagwira m'maesiteti a azungu ku Magomero. Anati ee ndendende. Basi ndinayamba kukamvera chisoni kalobotiko ndisanakaone, ndipo ndikuona ngati tsoka langa linayambira pomwepo.

Loweruka ndinavala shati ya kutchalitchi ulendo wa mtauni pa kabaza. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, phiri la Zomba lili mbuu ndi utsi wa moto wa m'tchire. Pa holo ina yake anandipatsa fomu ya masamba atatu kuti ndiwerenge ndisanasayine, ine kuwerenga ayi, maso anali pa envelopu. Kenako anabwera nako. Ndinkayembekeza chimunthu cha zitsulo ngati za m'mafilimu koma kanali kanthu kofika m'chiuno, pansi mateyala anayi, pakati paipi ya pulasitiki, pamwamba tabuleti yokhala ndi maso awiri ojambula ongophethiraphethira. Adokotala anati ndikusiyani awiri, muchite zomwe kakuuzeni, n'kutuluka kutseka chitseko.

Kanayankhula Chichewa anthu inu. Mawu ake a m'mphuno ngati wailesi yotha mabatire koma Chichewa chenicheni, mwaswera bwanji bambo. Ine ndinavula chipewa, sindikunama. Kanati nditsatireni tikatenge bokosi la buluu kuchipinda chachiwiri, ndiye kanayamba kugudubuzika m'khonde ine pambuyo manja kumbuyo ngati ndikuperekeza amfumu. Pakhoma panali chikwangwani cha zilembo zazikulu ndi muvi woloza kumanja, ndinachiona ndi maso angawa, koma kaloboti kanakhotera kumanzere ndipo ine ndinati makina sangasokere, wasokoneza ndi wolemba chikwangwaniyu. Tinakathera mu kasitolo ka matsache ndi mamopu. Kanati pepani ndalakwitsa, ndinati musadandaule zimachitika, kanabwerera n'kukhoteranso komweko, ine n'kulowanso mmatsache muja kachiwiri.

Titabwerera muholo kanati tsopano ticheze, ndiuzeni nthawi yomwe makina anakukhumudwitsani. Ndinayamba ndi za ATM yomeza khadi, zazing'ono. Koma mukudziwa munthu ukapeza womvetsera wosakudula mawu, ndipo ndinkati ameneyu alibe mpingo, alibe gulu la WhatsApp, akauza ndani. Ndinakokera mpando pafupi n'kutsitsa mawu. Ndinakauza za K40,000 ya banki m'khonde yomwe mayi a kunyumba anandituma kukapereka, kuti ndinaibetcha pa foni pa timu ina ya ku England yomwe sinditchula chifukwa mtima umandiwawabe, inachinyidwa mphindi zomaliza, ndipo kunyumba ndinakanena kuti andipisa m'thumba pa depoti. Ndinafotokozanso mmene ndinang'ambira thumba la buluku ndi lezala kuti umboni ukhalepo.

Kaloboti kanakhala chete kanthawi. Kenako kanatsokomola.

Ndinafunsa kuti kodi inunso mumatsokomola? Kanati ndi fumbi la Okutobala. Ndipo ine, munthu woti ndinakhoza masamu pa Fomu 4, ndinavomera kuti eya fumbi la chaka chino ndi loipa, mpaka ndinakapukuta tabuleti ija ndi mpango wanga. Kanafunsa kuti zonse 40 bambo? Ndinati zonse. Kanati nanga ija ya malata ya chaka chatha? Apa ndiye pomwe munthu wa nzeru akanaimirira n'kufunsa kuti za malata mwazidziwa bwanji, ine ndinangoganiza kuti teknoloje yafika patali, ndinaululanso ya malatayo.

Adokotala atalowa anakhala pansi n'kuti achimwene tsopano ndikuuzeni zoona zake, lamulo la kafukufuku limatikakamiza kutero pamapeto. Kalobotika sikaganiza chilichonse. Kali ndi maikolofoni ndi kamera basi, woyendetsa ndi woyankhula ndi munthu ali chipinda chinacho, kompyuta imangosintha mawu ake. Akuti njira imeneyi ndi yodziwika kwa ofufuza, amaitcha Wizard of Oz potengera nthano ija yoti wamatsenga woopsa anali munthu wamba wobisala kuseri kwa katani, ndipo amaigwiritsa ntchito pofuna kuona mmene anthu angachitire ndi makina omwe sanapangidwe n'komwe, nanga makina omva Chichewa cha pa Chinamwali muwapeza kuti. Zosokera zija zinali dala. Anandiuza kuti ku Georgia Tech ku America, mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016, anthu 26 anawayesa ndi utsi wabodza ndi belu la moto, onse anatsatira loboti, ngakhale aja anali ataiona ikusokera mphindi zochepa zapitazo. Ndiye musachite manyazi achimwene, simuli nokha. Ine za ku America sizinkandilowa, ndinkangoyang'ana chitseko cha chipinda chinacho, thukuta kamukamu.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mlamu wanga, mng'ono wawo weniweni wa mayi a kunyumba, uja amakhala ku Chikanda, mahedifoni ali m'khosi maso ofiira ndi kuseka. Chifuwa chija sichinali fumbi ayi, ankadziletsa phwete. Anagwada mwaulemu wake wonse n'kuti mwaswera bwanji alamu, ndi mawu a m'mphuno aja.

Adokotala atamva kuti ndife pachibale nkhope inasintha, akuti mtsikanayu anayenera kunena atangondiona pa kamera, zotsatira zanga zaonongeka sangazigwiritse ntchito. Ndiye tangoganizani, kulowa mmatsache kawiri, kupukuta tabuleti, kuulula milandu iwiri, ndipo mu pepala lawo mulibemo ngakhale ngati nambala. Envelopu yokha anandipatsa, chilungamo chake.

Panjira ndinamukumbutsa mlamu kuti anasayinira kusunga chinsinsi cha anthu a mukafukufuku. Anati zoona alamu, koma mwamva nokha kuti akuchotsanimo, ndiye kaya lamulolo likukukhudzanibe kaya. Envelopu ija inathera pomwepo pa tchipisi ndi nkhuku. Kuyambira tsiku limenelo mwezi ukamatha foni imalira, uthenga wake waufupi, bandulo yatha alamu, ndi kachithunzi ka loboti kumapeto. Akabwera kunyumba kudzacheza n'kutsokomola pang'ono patebulo, ine nsima kuima pakhosi, mayi a kunyumba n'kumati koma mwanayu chifuwa chake sichikutha bwanji, mupite naye kuchipatala bambo.

Mwezi watha ndinakhala pansi ndi cholembera kuwonkhetsa mabandulo, tchipisi, nsapato ya pa kaunjika ndi thiransipoti ya ku Liwonde, ndinapeza kuti ndadutsa kale 40 ija. Usiku womwewo ana atagona ndinati amayi, pali nkhani. Ndinafotokoza yonse mutu uli pansi, ya malata ndinaisiya kaye poti nkhuku siidyedwa tsiku lomwe yabwera. Iwo anapitiriza kusankha nyemba osandiyang'ana n'komwe, n'kuti wakuba wake uti amang'amba thumba n'kutenga ndalama koma foni n'kuisiya m'thumba lomwelo, ndipo lezala lanu munalisiya pawindo. Kenako anakweza mutu n'kuti nanga ya malata mufotokoza liti. Panopa ndalama ya banki m'khonde amakapereka ndi mwana wathu wa Sitandade 6, ine ndimangomuperekeza.