Mbiri ya zaluso pa yunivesite: kuyambira mayeso a zithunzi mpaka kafukufuku womaliza

Wofuna kutenga mbiri ya zaluso ngati phunziro lake lalikulu adziwiretu kuti burashi sakaigwira. Ojambula ndi osema ali ndi dipatimenti yawo. Kuno ntchito ndi kuyang'ana, kuwerenga ndi kulemba, ndipo pa zitatuzi chimagwetsa ambiri ndi kuyang'anako, poti aliyense amayesa kuti amakudziwa kale. Digiriyi imatenga zaka zitatu kapena zinayi kutengera dziko, koma njira yake imafanana, ndipo ndifotokoza mmene ndimadutsira gawo lililonse.

Chaka choyamba pamakhala kosi yothamanga, yoyambira pa zojambula za m'mapanga monga a Lascaux ku France mpaka zaka za m'ma 1900. Mayeso ake ndi a zithunzi. Mphunzitsi amaonetsa chithunzi pakhoma kwa mphindi zowerengeka, inu mulembe anachipanga ndani, dzina lake, chaka, zipangizo zake ndi komwe chili. Ine ndimakonza timakadi: kutsogolo chithunzi, kumbuyo zisanuzi ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake chili pa mndandanda. Zaka sindiziloweza mofanana. Ndimakhoma kaye zikhomo zochepa: Giotto ku Padua cha m'ma 1305, Jan van Eyck 1434, Davide wa Michelangelo 1504, Las Meninas ya Velázquez 1656, Guernica ya Picasso 1937. Zina zonse ndimazimangirira pakati pa zikhomozi, moti ndikaiwala chaka chenicheni ndimaphonya ndi zaka khumi, osati zana. Vuto limabwera kwa amene analoweza chithunzi monga chikuonekera pa kadi. Akampatsa kachigawo kokha, dzanja kapena makwinya a chovala, kapena chithunzi chomwe sanachionepo, kuloweza kuja kumathera pomwepo.

Chimapulumutsa pamenepo ndi kudziwa zipangizo. Fresco amajambula pa pulasitala wa laimu asanaume, choncho amapaka gawo loti alimalize tsiku lomwelo basi. Ataliyana amalitcha giornata, ndipo mukayandikira khoma mizere yolumikizira magawowa imaoneka. Tempera ndi utoto wosakaniza ndi mbali yachikasu ya dzira. Umauma msanga kwambiri, ndiye mthunzi amaupanga ndi timizere tambiri toyandikana. Utoto wa mafuta umachedwa kuuma, umalola kusalaza mitundu ndi kusanjikiza magawo opyapyala oonekera mkati, n'chifukwa chake nsalu ndi magalasi a Van Eyck amawala chonchija. Ndikaona timizere tija pankhope ya Mariya ndi golide kumbuyo kwake, maganizo amapita ku Italy wa m'ma 1300 dzina la wojambula ndisanalidziwe n'komwe.

Funso lina limabwera ndi zithunzi ziwiri pamodzi. Titenge Davide wa Michelangelo, amene ali ku Florence, ndi wa Bernini wosemedwa 1623 mpaka 1624, amene ali ku Galleria Borghese ku Rome. Onse ndi a mwala wa mabo, nkhani ndi imodzi. Ambiri amalemba ndime ya uyu, kenako ndime ya uyo, basi amaliza, ndipo malikisi amachepa chifukwa sanayerekeze kanthu. Ine ndimayamba ndi funso limodzi logwira onse awiri: wosemayu wasankha mphindi iti ya nkhaniyi? Wa Michelangelo, wamtali kupitirira mamita 5, waima phee, thupi latsamira pa mwendo wakumanja, gulaye ali paphewa, nkhondo sinayambe. Wa Bernini ndi wa msinkhu wa munthu wamba, wapotoza chiuno, waluma mlomo, mwala watsala pang'ono kuchoka, ndipo Goliyati akukhala ngati waima m'chipinda momwemo, kumbuyo kwa inu woonerera. Kuchoka apo ndime iliyonse imakamba za onse awiri nthawi imodzi: kaimidwe, nkhope, malo omwe woonerera ayenera kuima.

Chimangirizo chachikulu choyamba kawirikawiri chimakhala cholongosola chinthu chimodzi chomwe mwachiona ndi maso ku myuziyamu. Apa ndimachedwapo dala, ola lathunthu. Ndimatenga pensulo, poti malo ambiri salola cholembera cha inki pafupi ndi zithunzi, ndipo kachikwangwani kofotokoza ndimakawerenga pomaliza, chifukwa ukayamba ndi iko umangoona zomwe wauzidwa. Mphindi khumi zoyamba ndimaima patali, kuona pomwe diso likuyambira ndi komwe likulowera. Kenako ndimajambula mwachisawawa m'kope. Luso silikufunika apa. Dzanja likamatsata mizere ikuluikulu m'pomwe umazindikira komwe kukuchokera kuwala ndi zomwe zadulidwa m'mphepete. Ndikatero ndimayandikira kuona makulidwe a utoto, njira za burashi ndi ming'alu. Ndimalembanso kukula kwa chinthucho poyerekeza ndi thupi la munthu. Pa nkhani imeneyi foni ndi kompyuta zimanama: Mona Lisa ndi masentimita 77 ndi 53, Guernica ndi pafupifupi mamita 3.5 ndi 7.8, koma zonse zimakwana m'dzanja mofanana.

Polemba ndimatsata masitepe atatu omwe Erwin Panofsky, katswiri wa mbiri ya zaluso, anayala mu 1939, osadumpha. Loyamba ndi zomwe aliyense angaone. Pa chithunzi cha Van Eyck cha 1434 chija, chomwe chili ku National Gallery ku London, pali mwamuna wa chipewa chachikulu chakuda atagwira dzanja la mkazi wovala zobiriwira, kagalu kumapazi kwawo, nsapato zovulidwa pansi, malalanje pafupi ndi windo, kandulo imodzi yokha ikuyaka, ndi galasi lozungulira pakhoma lakumbuyo lomwe likuonetsa anthu enanso awiri pakhomo. Lachiwiri ndi zomwe zinthuzi zinkatanthauza kwa anthu a ku Bruges, mzinda womwe Van Eyck ankakhala, nthawi imeneyo, ndipo pamafunika umboni wochokera m'zolembedwa kapena m'zithunzi zina za nyengo yomweyo. Lachitatu ndiye tanthauzo la chithunzi chonse. Ophunzira amathamangira kutsogoloko. Ndime yoyamba yomwe, galu akuimira kukhulupirika, mkaziyu ndi woyembekezera, popanda chochirikiza, ndipo mphunzitsi amangofunsa m'mphepete mwa pepala kuti mwadziwa bwanji. Akatswiri ambiri amati mkaziyo wangonyamula nsalu yochuluka ya diresi yake malinga ndi kavalidwe ka nthawiyo. Panofsky mwini wake ananena mu 1934 kuti chithunzichi ndi umboni wa ukwati, koma odza pambuyo pake akhala akumutsutsa. Mawu monga "chokongola" ndi "chochititsa chidwi" ndimawafufuta onse ndikamawerenganso, salongosola kanthu.

Zaka zapakati mumasankha makosi a dera kapena nyengo, komanso pamakhala kosi ya njira zofufuzira. Zowerenga zake n'zolemera, koma ndi yomwe imaonetsa kuti mndandanda wa chaka choyamba uja anausankha ndi anthu. Giorgio Vasari polemba mbiri za ojambula mu 1550 anakometsa a ku Florence. Linda Nochlin mu 1971 anafunsa chifukwa chake akazi saoneka pakati pa otchukawo, naloza ku masukulu a zaluso omwe ankawaletsa kujambula munthu wosavala, chikhalirecho amenewo ndiwo anali maziko a maphunzirowo. Apa m'pomwenso mumaphunzira kulondola manja omwe chinthu chadutsamo. Zosula zamkuwa za ufumu wa Benin, m'dziko la Nigeria lero, zinatengedwa ndi asilikali a Britain mu 1897 n'kumwazikana m'myuziyamu za ku Ulaya ndi America. Kwa ine chimangirizo chongokamba za maonekedwe ake osatchula zimenezi n'choperewera. Chilankhulo chachilendo ndimachiyamba chaka chachiwiri, osadikira chomaliza. Chijeremani, Chifalansa kapena Chitaliyana ndi zomwe zimafunika kawirikawiri pa zaluso za ku Ulaya, ndipo kuwerenga kokha n'kokwanira.

Chaka chomaliza ndi cha kafukufuku, ndipo amagwa nacho ndi omwe asankha mutu waukulu. "Akazi mu nyengo ya Baroque" (zaluso za ku Ulaya za m'ma 1600, nyengo ya Bernini) si mutu woti munthu angaumalize. Chithunzi chimodzi kapena zitatu ndi funso limodzi ndiye mutu. Ndisanaupereke kwa wondiyang'anira ndimafuna nditsimikize kuti chinthucho ndingachione kapena kupeza chithunzi chake chooneka bwino, kuti zolembedwa zake zili m'chilankhulo chomwe ndimatha, ndiponso kuti pali pomwe akatswiri sakugwirizana poti ndilowererepo. Ndimayambira pa catalogue raisonné, buku la ntchito zonse za wojambula mmodzi, chifukwa limapereka eni ake akale ndi onse omwe analembapo. Malipoti a okonza zithunzi zakale ndimawafunanso: kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, kumaonetsa mizere yomwe wojambula anayamba nayo pansi pa utoto, ndipo mizere ya zaka m'thabwa la mtengo wa oak lomwe anajambulapo imanena chaka chomwe chithunzicho sichingakhale chakale kuposa pamenepo.

Chilichonse chomwe ndakopera ndimachilemba ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo, chifukwa madipatimenti ambiri amafuna manotsi a m'munsi mwa tsamba a mtundu wa Chicago, womwe ndi njira imodzi yotchulira mabuku omwe mwagwiritsa ntchito, ndipo kusaka tsamba lotayika sabata yomaliza kumadya masiku. Pansi pa chithunzi chilichonse pamakhala wopanga, dzina, chaka, zipangizo, kukula kwake kuyambira msinkhu kenako mulifupi, ndi komwe chili. Manambala a zithunzi ndimaika pomalizira penipeni, chifukwa kusuntha ndime imodzi kumasokoneza onse otsatira.