Mmene Tinatenthetsera Nyumba Yaikulu ndi Boyila wa Nkhuni ku Minnesota

Nyumba imene timakhalamo kumpoto kwa Minnesota, m'dziko la United States, ndi yakale ndiponso ndi yaikulu kwambiri. Ili ndi nsanjika, chipinda chapansi pa nthaka ndi galaja yolumikizika nayo, ndipo malo onse ofunika kutenthetsa ndi pafupifupi masikweya mita 450. Kuno kumayamba kuzizira mu October mpaka April, ndipo kuzizira kwake si kwa June wa ku Dedza kumene ndinakulira, chifukwa m'tawuni ya Tower, m'chigawo chomwechi, pa 2 February 1996 kunazizira mpaka madigiri 51 pansi pa ziro. Chaka choyamba tinkatenthetsa nyumba ndi gasi wa propane, ndipo galimoto yodzaza thanki inabwera kambirimbiri moti ine ndi mayi a kunyumba tinatseka zipinda zina zam'mwamba, ana n'kumagona m'chipinda chimodzi. Popeza malo athu ali ndi nkhalango kuseri kwa nyumba, tinaganiza zogula boyila wa nkhuni wokhala panja.

Amene anaonapo mgolo wotenthetsera madzi osamba umene umamangidwa kunja kwa nyumba m'mamishoni ndi m'nyumba zogona alendo kwathu ku Malawi sangavutike kumvetsa mmene boyilayu amagwirira ntchito. Maonekedwe ake ali ngati kanyumba kakang'ono kachitsulo. M'kati muli ng'anjo yozunguliridwa ndi madzi ambiri, ndipo madziwo akatentha kufika pafupifupi madigiri 82, pampu imawakankha m'mapaipi okwiriridwa pansi mpaka m'nyumba, kumene amasiya kutentha kwake n'kubwerera ku ng'anjo kudzera m'paipi yachiwiri. Kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi ndi kamene kamalamulira moto: madzi akazizira kamayatsa fani yopemerera, ndipo akatentha mokwanira kamatseka mpweya kuti moto ugone. Moto, utsi, phulusa ndi zinyalala za nkhuni zonse zimatsala panja.

Ndisanagule chilichonse ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene tinayandikana naye, amene watenthetsa nyumba yake ndi nkhuni kwa moyo wake wonse. Iwo anandiuza kuti ndiyambe ndi denga ndi mazenera, ndipo za moto tidzakambirane pambuyo pake. Ndinaitana katswiri amene anayeza zipinda, makoma, mazenera ndi kudenga, n'kuwerengera kutentha kumene nyumba imataya pa tsiku lozizira kwambiri, pogwiritsa ntchito njira imene kuno amaitcha Manual J. Kuwerengera kumeneku n'kofunika chifukwa anthu ambiri a nyumba zikuluzikulu amathamangira boyila wamkulu kuposa onse, poganiza kuti akudziteteza, koma boyila wokulitsa amatenthetsa madzi mwamsanga kenako n'kukhala maola ambiri moto ukungofuka, ndipo kufuka kumeneko ndi kumene kumabala phula lakuda m'ng'anjo ndi utsi wovutitsa anansi. Tinawonjezera zotchinga kuzizira kudenga, tinamata mipata yonse ya m'mphepete mwa chipinda chapansi, ndipo zitatero katswiri uja anatilangiza boyila wocheperapo kusiyana ndi amene ndinkafuna poyamba.

Za malamulo zinatenga milungu ingapo. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linakhazikitsa mu 2015 malire a utsi umene maboyila atsopano a m'makomo angatulutse, ndipo malirewo anakhwimitsidwanso mu May 2020. Chifukwa cha zimenezi, maboyila ambiri ogulitsidwa masiku ano ndi a mtundu umene umawotchanso utsi wake. Fani imakankhira utsi pansi kudutsa m'makala a moto n'kulowa m'kachipinda kachiwiri ka njerwa zosapsa, kumene umayaka pa madigiri pafupifupi 1,000. Tinagula wa mtundu umenewu. Ndinapitanso ku ofesi ya dera lathu kukafunsa za mtunda wofunika kusiya pakati pa boyila ndi malire a malo, ndinadziwitsa a inshuwalansi, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana kumene mphepo imachokera. Nthawi yozizira kuno mphepo imakonda kuchokera kumpoto chakumadzulo, choncho tinathira konkire wokhazikapo boyila pa mtunda wa mamita 30 kum'mawa kwa nyumba kuti utsi uzipita kunkhalango.

Pa mapaipi ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna kufotokoza bwino chifukwa kulakwitsa kumeneku kumakwiririka pansi, sikuoneka mpaka chipale chofewa chitagwa. Munthu asanakumbe amayenera kuimba pa nambala ya 811 kuti anthu abwere kudzaika zizindikiro pamene padutsa mawaya ndi mapaipi a makampani, ndipo zimenezi tinachita. Koma pogula mapaipi ndinasankha otsika mtengo, amene ndi mapaipi awiri a pulasitiki otchedwa PEX okulungidwa ndi nsalu yonyezimira n'kulowetsedwa m'paipi yaikulu yakuda. Dothi lathu ndi la makande ndipo limasunga madzi. Madziwo anapeza polowera, zokulungira zija zinanyowa, ndipo chinthu chonyowa sichisunga kutentha. Mu December m'mawa wina ndinayang'ana pazenera n'kuona kuti pabwalo ponse pali mbuu ndi chipale chofewa, kupatulapo mzere umodzi wakuda, wowongoka ngati wojambula ndi chingwe, kuchokera pa boyila mpaka pakhoma la nyumba. Nditapondapo ndinapeza matope. Ndinayeza kutentha kwa paipi pamene ikutuluka m'boyila ndiponso pamene ikulowa m'nyumba, ndipo kusiyana kwake kunali madigiri 6, pamene paipi yabwino pa mtunda ngati umenewu imataya pafupifupi digiri imodzi yokha. Nkhuni zimene ndinkawaza zinkatenthetsa nthaka usana ndi usiku.

Nthaka itasungunuka tinakumbanso ngalande yonse. Ulendo uno tinaika mapaipi oumbidwira m'thovu lolimba losamwa madzi, okhala ndi chikopa chokhuthala kunja, ndipo tinaonetsetsa kuti akhale amodzi osalumikiza kuchokera pa boyila mpaka m'chipinda chapansi. Mtengo wake unali wokwera kwambiri, komabe ngati munthu akufuna kupulumutsa ndalama, ndikumulangiza kuti apulumutse pa china chilichonse kusiyapo pamenepa. M'ngalande momwemo tinadutsitsanso waya wa magetsi wa pampu ndi fani, uli m'paipi yakeyake.

M'nyumba ntchito inayenda mosavuta. Madzi ochokera panja amayamba adutsa m'kabokosi ka timalata tambirimbiri tosanjikizana, mmene amatenthetsa madzi osamba ndi otsukira mbale popanda kusakanikirana nawo. Kenako amalowa m'chipangizo chonga rediyeta ya galimoto chimene tinachiika m'njira ya mpweya wa makina athu akale a gasi, moti fani ya makinawo imapemerera mpweya wofunda m'zipinda zonse. M'galaja muli rediyeta ina yokhala ndi fani yake. Plamba anaikanso vavu yoteteza kuti madzi obwerera ku boyila asamatsike kwambiri kuchoka pa madigiri 60, chifukwa madzi ozizira amachititsa makoma a ng'anjo kuchita thukuta, ndipo thukutalo likasakanikirana ndi mwaye limadya chitsulo. M'nyumba yaikulu vuto limeneli limachitika kawirikawiri, popeza madzi amayenda ulendo wautali asanabwerere. Makina a gasi sitinawachotse, ndipo tinawatchera kuti aziyaka okha madzi a boyila akazizira.

Ntchito yeniyeni ndi ya nkhuni. Kuno nkhuni zimayezedwa ndi muyezo wotchedwa cord, umene ndi mulu wosanjidwa bwino wa mafiti 4 m'mwamba, 4 m'lifupi ndi 8 m'litali, kapena kuti pafupifupi makyubiki mita 3.6. Nyumba yathu imatha milu yotereyi pakati pa 12 ndi 14 pa nyengo imodzi. Chaka choyamba chokhala ndi boyila ndinadula mitengo mu September n'kuyamba kuisonkha mu November, poganiza kuti miyezi iwiri ndi yokwanira monga mmene zimakhalira ndi dzuwa la kwathu. Moto unkangolira kuti tsii, thovu likutuluka kumapeto kwa zikuni, ndipo kachipinda kachiwiri kaja kankakana kuyaka. Mtengo wauwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wawiritsa madzi amenewo usanatenthetse china chilichonse. Boyila wowotcha utsi amafuna nkhuni zimene chinyezi chake chili pa 20 peresenti kapena kucheperapo.

Bambo achikulire aja ndi amene anandiphunzitsa kuyeza. Anatenga chikuni chimene ine ndinkati n'chouma, n'kuchiwaza pakati ndi nkhwangwa, kenako anabaya timano tiwiri ta kachipangizo koyezera chinyezi pamalo ongowazidwa kumenewo, osati kunja kumene mphepo yaumitsa kale. Kachipangizoko kanasonyeza 34. Atatero anatenga zikuni ziwiri zochokera m'shedi mwawo n'kuzigundanitsa, ndipo zinalira mokweza ngati mabotolo, pamene zanga zinkangoti phu. Anandionetsanso ming'alu ya kumapeto kwa chikuni chouma ndi khungwa limene limasendeka lokha. Mitengo ya oak, imene imapereka kutentha kochuluka, imafuna zaka ziwiri itawazidwa ndi kusanjidwa kuti iume bwino. Ya maple ndi birch imauma pa chaka chimodzi, ndipo ya aspen, imene ndi yambiri m'nkhalango mwathu, imauma msanga koma imapsanso msanga, choncho timaisonkha mu October ndi April pamene kuzizira kuli kochepa. Anandichenjezanso kuti ndisamakatenge nkhuni kutali, chifukwa kachilombo kotchedwa emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba pafupi ndi mzinda wa Detroit mu 2002 n'kufika ku Minnesota mu 2009, kamayenda m'nkhuni ndipo kapha mitengo yambirimbiri ya ash, moti m'madera amene kafika boma limaletsa kutulutsamo nkhuni.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kalendala yonse. Ndimagwetsa mitengo ndi macheka a injini kumapeto kwa nyengo yozizira, nthaka ikadali youma gwa kuti thirakitala isatitimire. Mu May ndi June timawaza ndi makina owazira, ana akusanja pamapaleti m'mizere yotalikirana kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo timafunditsa malata pamwamba pokha n'kusiya m'mbali mwa mulu poyera. Chaka chachiwiri ndinagula nkhuni zouma kale kuti zanga zipeze nthawi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pakhomo pamakhala milu ya nyengo ziwiri.

Kusonkha moto kuli ndi nthawi zake, m'mawa cha m'ma 6 koloko ndi usiku cha m'ma 9. Ndikafika ndimatsegula kaye kachitseko kotulutsira utsi kuchumuni, kenako ndimatsegula chitseko chachikulu pang'onopang'ono nditaima pambali, chifukwa utsi wodzaza m'ng'anjo ukakumana ndi mpweya mwadzidzidzi ukhoza kulilima n'kuwaula nkhope. Ndimakokera makala pakati, pamwamba pa kabowo kolowera m'kachipinda kachiwiri, ndimaika nkhuni zing'onozing'ono pansi ndi zikuluzikulu pamwamba, ndipo ndimaika zokwanira maola 12 okha malinga ndi mmene a zanyengo alosera. Kudzaza ng'anjo mpaka kukamwa pa tsiku lofunda kumangobala phula. Chumuni ndi chimene chimandiuza ngati zonse zili bwino, pakuti moto ukamayaka moyenera pamangooneka nthunzi yoyera imene imazimiririka pafupi pomwepo, koma utsi wotuwa wopita kutali umatanthauza kuti nkhuni ndi zonyowa kapena kabowo katsekeka ndi phulusa. Mlungu uliwonse ndimachotsa phulusa n'kuliika m'chidebe chachitsulo chovindikira, ndipo ndimapukuta timapaipi ta m'kati timene utsi wotentha umadutsamo. M'ng'anjomu simulowa zinyalala, pulasitiki kapena matabwa opaka mankhwala.

Kumapeto kwa January 2019 kunabwera kuzizira koopsa, ndipo ku Cotton, dera la kumpoto kwa Minnesota komweku, kunafika pafupifupi madigiri 49 pansi pa ziro. Masiku amenewo ndinkasonkha katatu, nkhuni za oak zokhazokha, ndipo m'zipinda zonse, ngakhale zam'mwamba zimene kale tinkatseka, munali madigiri 21. Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali magetsi, chifukwa akazima pampu imaima, kutentha sikufika m'nyumba, ndipo pakapita nthawi madzi a m'mapaipi akhoza kuundana n'kuwaphulitsa. Pa chifukwa chimenechi tili ndi jenereta yaing'ono imene ndimailiza mwezi uliwonse kuti ndidziwe kuti ili bwino, ndipo imagwirira ntchito panja nthawi zonse poopa mpweya wake wakupha. Tikachoka pakhomo kwa masiku angapo timasiya pampu ikuyenda, ndipo makina a gasi amatenthetsa nyumba n'kumafunditsanso pang'ono madzi opita ku boyila kuti asaundane.

Mu April kapena kumayambiriro kwa May timazimitsa moto. Ndimachotsa phulusa lonse, popeza phulusa likanyowa limadya chitsulo, ndimapala phula m'makoma a ng'anjo, ndimayang'ana chingwe chotsekera mpweya m'mphepete mwa chitseko, ndipo ndimavindikira chumuni kuti mvula isalowe. Boyila wathu ndi wotsegula pamwamba ndipo madzi ake amakumana ndi mpweya, choncho amafuna mankhwala oletsa dzimbiri. Chaka chilichonse ndimatunga madzi pang'ono m'kabotolo n'kukawayezetsa, ndipo ndimawonjezera mankhwala ngati achepa. Madziwo sindiwakhuthula, amakhala momwemo odzaza mpaka October. Ndikamaliza zimenezi ndimalemba chaka ndi choko pa mzere uliwonse wa nkhuni zatsopano, kuti za oak zimene tawaza chaka chino zisakhudzidwe mpaka nyengo yachiwiri.